Kabokosi Kazimanso

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindibisa. Anthu a pa Sharpevale amene ndimawasokera zovala amadziwa kuti ukabwera ndi nsalu madzulo n'kumafuna diresi m'mawa, umva zako. Koma pa zonse zimene zinandipsetsapo mtima, palibe choposa kabokosi koyera ka intaneti kamene kanakhala pa katebulo pafupi ndi mpando wa amayi.

Kabokosiko anatigulira ndi mng'ono wanga amene ali ku Joni. Tinabadwa awiri basi, ine ndi iye. Ukwati wanga utatha ndinabwerera pakhomo ndi makina anga osokera, iye n'kukwera basi kukafuna ntchito. Tsiku limene ankanyamuka amayi sanalire. Anangomugwira dzanja n'kunena kuti, "Usakatchone." Mawu amenewa kwathu si ocheza. Bambo athu anapita ku migodi ine ndili wamng'ono, mng'ono wangayo ali kumsana. Zaka zoyamba ankatumiza mabulangete ndi moni, kenako moni yekha, kenako zii. Sitinamve za maliro, sitinamve za mkazi wina. Anthu opita osabwerako otere amatchedwa matchona, ndipo amayi anakalamba akutembenukira kumsewu nthawi iliyonse basi ikaima.

Ndiye mng'ono wanga atanena kuti akufuna tizionana nkhope pa foni Lamulungu lililonse, ine ndinati Mulungu wayankha. Anabwera kudzalumikiza kabokosiko ndi bambo wina wa ku kampani ya mafoni, wamfupi, wa njinga yamoto, wochokera ku boma. Anafika thukuta lili kamukamu, shati itamatirira kumsana.

"Madamu, kuno ku Bwanje mumakhalako bwanji?" anatero akupukuta kumaso. "Kumeneku ndi kuwotcha anthu amoyo."

"Ifeyo tinapsa kale," ndinamuyankha. "Lumikizani tione."

Anatisonyeza timagetsi tating'ono ta kutsogolo kwa kabokosiko. Tikakhala tobiriwira ndiye kuti zili bwino, tikafiira ndiye kuti zavuta. "Zikavuta musathamangire kutiimbira," anatero. "Dinani kabatani aka kumbuyoku kuti kazime, mudikire pang'ono, mudinenso." Amayi anali pamkeka akusankha mpunga m'lichero. Ndikukumbukira kuti anadzutsa mutu n'kuyang'anitsitsa pamene chala cha bamboyo chinali.

Walira mvula walira matope. Kabokosi kaja kanali ndi matenda ambiri kuposa nkhalamba. Mitambo ikangoda cha kumapiri, timagetsi tofiira. Magetsi akathima pa Sharpevale, nako kamwalira. Tsiku lina dzuwa lili phwee, magetsi alipo, koma kasitomala wanditumizira chithunzi cha sitayilo ya diresi ya chinkhoswe, chithunzicho n'kumangozungulira, kuzungulira, mpaka mwini wake anachita kubwera pa njinga kudzandijambulira ndi chala pansi. Ndikaimba ku kampani ankandilandira ndi mawu ojambulidwa a mtsikana wina waulemu kwambiri, dinani wani, dinani thuu. Ndikadina, nyimbo. Nyimbo yake imodzimodziyo, mpaka ndinayamba kuiimba ndekha ndikupalasa makina. Munthu weniweni akayankha ankati, "Pepani chifukwa cha vutoli, akatswiri athu akulikonza." Lero akuti dizilo watha ku nsanja ya mafoni, mawa akuti akuba atenga mabatire. Ine ndinkawauza kuti ngati akubawo ndi amene amafika ku nsanjako msanga kuposa akatswiri, bwanji osangowalemba ntchito akubawo.

Komabe Lamulungu masana kankayesetsa. Tikabwerako kutchalitchi ndinkatsamiritsa foni pa chitini cha shuga, amayi n'kukhala pampando wawo atavala duku labwino, ine n'kutuluka kukakhala pakhonde kuti awiriwo amasuke. Ndinkawamva akuseka. Amayi ankamuuza za ndime yawo ya kusikimu ya mpunga wothirira, za madzi amene anthu akumtunda akutsekereza, za mbalame zimene zatha mpunga wa mayi busa. Ankamukalipira kuti waonda, sabata yotsatira n'kumukalipira kuti wanenepa. Akatuluka m'nyumbamo ankayenda mopepuka, n'kumang'ung'udza nyimbo ya kwaya mpaka madzulo.

Kenako mng'ono wanga anapeza mwamuna. Anatiuza bwinobwino, sanabise. Anali mnyamata wobadwira konko, mdzukulu wa munthu wa ku Mlangeni amene anapita ku migodi kalekale osabwerako. Chichewa chake chinali cha apo ndi apo, chotola kwa agogo akewo. Anagwirizana kuti pa Khirisimasi abwera onse awiri kudzaonekera kwa amalume ndi kukonza zonse mwa dongosolo. Amayi atamva anavina pabwalo, ine ndikuona ndi maso angawa. Anati mwana wa mtchona akubweretsa mwana wanga kumudzi, Mulungu ali ndi nthabwala.

Kuyambira pamenepo kabokosi kanayamba matenda atsopano. Lamulungu ndatsamiritsa foni, ndatuluka, ndikuwamva akucheza bwinobwino. Pakapita kanthawi, zii. Kenako mawu a amayi: "Kazima." Ndikalowa ndinkapeza timagetsi tonse tili bii. Ndikadina kabatani kankayaka, koma kankatenga nthawi kuti kagwire, ndipo pofika pamenepo amayi anali atatuluka kale kukaona mbuzi. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Yotsatiranso chimodzimodzi.

Apa ndiye ndinawayatsira moto a kampani. Bambo wa njinga yamoto uja anabwera n'kusintha chingwe cha magetsi, akuti mwina chikumasuka. Anabweranso n'kusintha simu khadi. Ulendo wina anabwera ndi eriyo, tinadula nsungwi yaitali, iye n'kukwera padenga la malata dzuwa lili paliwombo, mapazi akupsa, kumangirira nsungwiyo ndi waya. Atatsika anamwa madzi kapu pa kapu osapuma. Anandipatsa dzina, ankati madamu a Lamulungu.

"Koma madamu, kabokosi kodziwa masiku a pa sabata ine sindinakaonepo," anatero.

"Mwakaona lero. Mwina kamapita kutchalitchi."

Ndinafika pokanyamula m'jumbo, kukwera nako minibasi mapiri onse aja mpaka ku boma. Ndinakaponya pa kauntala ya shopu yawo anthu ali pamzere, n'kulankhula zonse zimene zinali kukhosi. Mtsikana wa pamenepo anangokalumikiza, timagetsi tonse mbee, tobiriwira. Kanachita ngati mwana amene wagona akubuula kunyumba, kufika kuchipatala n'kuyamba kusewera. Ndinabwerera nako manyazi ndi mkwiyo zitasakanikirana, minibasi n'kuphulikanso tayala panjira.

Lachitatu lina mng'ono wanga anandiimbira ndili pa makina ndikusoka. Mawu ake anali ouma.

"Achemwali, mundiuze zoona. Ndinu amene mumadula?"

"Ndimadula chiyani?"

"Foni. Alamu anu aona. Akuti ndikamacheza ndekha ndi amayi zonse zimayenda, koma iwo akangobwera kuti apereke moni, pompo yaduka. Poyamba ndinkawatsutsa, koma nane ndaona. Akuti kwathuko sakuwafuna."

Ndinalumbira, ndinatchula nsungwi, minibasi, tayala. Iye anati, "Akuti apitirenji kumene sakufunidwa. Ndipo ngati iwo sabwera, achemwali, ine sindibwera ndekha kudzasekedwa. Mwinanso kuimbaku ndingosiya, chifukwa Lamulungu lililonse m'nyumba muno mumakhala mkangano."

Ndinakhala pa makina osapalasa. Ndinachita mantha. Bambo athu sanatchone tsiku limodzi. Zinayamba chonchi, moni kumatalikirana pang'onopang'ono. Ndinaona amayi akutembenukiranso kumsewu zaka zawo zotsalazo chifukwa cha kabokosi ka pulasitiki, ndipo ndinatsimikiza kuti a kampani andidziwa bwino.

Lamulungu lotsatira sindinapite pakhonde. Ndinafuna kuona ndi maso anga kagetsi kamene kamayamba kuthima, kuti ndikawauze a kampani popanda wonditsutsa. Ndinatsamiritsa foni, ndinatuluka khomo lakumaso, n'kuzungulira kulowera lakuseri kuti ndisawasokoneze, n'kuima kuseri kwa katani ya kuchipinda. Kabokosi kanali poonekera, timagetsi tonse tobiriwira.

Anacheza za mbewu ya mpunga. Kenako ndinamva mng'ono wanga akuti, "Amayi, dikirani, akufuna akupatseni moni." Pa foni panadzaza nkhope ya mwamuna, yosekerera, mano onse pamtunda. "Moni amayi! Muli bwanji amayi!"

Amayi anagwetsa maso pansi ngati awaza tsabola. Anatsetsereka pampando n'kugwada, nkhope atalozetsa kukhoma. Dzanja lawo linayenda lokha, lozolowera, kupita kumbuyo kwa kabokosi. Timagetsi tonse bii. Anakhala chogwada kanthawi, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono kulozetsa ku foni yakufayo, monga achitira munthu popereka ulemu kwa wamkulu. Atatero anadzuka, anakonza duku, n'kuitana cha kukhonde: "Kazima."

"Kazima kapena mwakazimitsa?" ndinatero ndikutuluka kuseri kwa katani.

Anadzidzimuka, koma sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Ine ndiye ndinali nditafufuma. Nsungwi ija! Minibasi ija! Anthu onse aja ndinawanyoza pa kauntala! Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, akuluakulu sananame. Ndikanakhala kuti ndagwira munthu wina aliyense, mudzi wonse ukanasonkhana.

"Sindinakunamize," anatero amayi. "Ndinkati kazima. Kanali kosazima?"

"Amayi, chifukwa chiyani? Simukumufuna munthuyu?"

"Iwe, usandilankhulitse pambali. Ndisawafune apongozi anga? Anthu amene akundisungira mwana?" Anakhala pansi n'kutambasula miyendo. "Ukufuna ndiwayang'ane m'maso? Ine? Agogo ako ku Mlangeni anamwalira asanadyepo pamaso pa bambo ako. Akakumana panjira, agogo ako ankapatukira kutchire, bambo ako n'kuvula chipewa atayang'ana kumbali. Ankakondana anthu amene aja, sanakanganepo. Tsono ine panjira ndikhoza kupatuka. M'nyumba mwanga muno ndipatukire kuti? Chinthu chako chikungowabweretsa pa tebulo pompa, nkhope yonse, osanena ndi odi yemwe. Ndilibe tchire muno. Tchire langa ndi kabatani aka."

Mkwiyo wanga unaphwa. Mwambo umenewu ndinkaudziwa, mayi ndi mwamuna wa mwana wake amapewana mpaka akulu atawamasula, koma ndinkauyesa wa m'njira za kumudzi, sindinaganize kuti ungalowe mu foni. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Mwana wanga wavutika kugula chinthu kuti azindiona. Ndiye ndimuuze kuti chikundivula? Ndinkati mwina apongoziwo azindikira okha. Si a ku Mlangeni kodi?"

"Amayi, munthu uja anabadwira ku Joni. Iye akuona ngati mukumuda. Akuti sabwera pa Khirisimasi. Mwana wanunso akuti asiya kuimba."

Sindidzaiwala mmene nkhope yawo inagwera. Anayang'ana kabokosi, anayang'ana chala chawo. "Ndiye kuti ndikumutchonetsa ndine," anatero motsitsa. Analira, ndipo nane ndinalira.

Kumufotokozera mng'ono wanga sikunali kophweka. Anati ndikuwaikira kumbuyo amayi, zimenezo ndi zakale, ndani amachita zimenezo masiku ano. Ndinati bwanji azingolankhulana mawu okha popanda nkhope. Anakana. Anati mwamuna wake wapwetekedwa mtima, akufuna aone ndi maso kuti amayi akumuyang'ana osathawa, apo ayi sakhulupirira. Tinatumiza uthenga kwa amalume ku Mlangeni, mlongo wawo wa amayi, amenenso anagwirako ku migodi koma iwo anabwerako ndi chifuwa ndi wailesi. Amalume anati nkhani yaing'ono iyi. Zikuluzikulu zidikire abwere, koma pakali pano mkamwini apereke nkhuku yotsegulira pakamwa, amayi akailandira pamaso pa amalume ndiye kuti amasuka, akhoza kuyang'anana ndi kulankhulana. Alamu anga anavomera, anapempha amalume kuti awagwirire nkhuku m'dzina lawo.

"Tiimba Lamulungu likubwerali," anatero mng'ono wanga. "Koma achemwali, kakazimanso, basi. Musadzandifunse."

Amalume anatsika Loweruka ndi thadzi lofiira m'manja, akudandaula za kutentha ngati onse ochokera kumtunda. Madzulo ake kunagwa mvula yoyamba, yamphepo ndi ziphaliwali, yozula nthambi. Nsungwi yathu inapirira. Koma m'mawa wa Lamulungu timagetsi ta kabokosi tinali tofiira, ndipo foni yanga inalibe ndi kamzere kamodzi komwe ka netiweki. Ndinadina kabatani, ndinadikira, ndinadinanso. Tofiira. Ndinafunsa oyandikana nawo, onse chimodzimodzi.

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Titabwerako amalume anavala jekete, nkhuku ili pambali miyendo yomanga. Amayi anavala chitenje chatsopano. Nthawi yoimba inakwana. Ndinkadziwa kuti kutali uko anthu awiri akhala pampando, akuimba, foni ikukana, ndipo mwamuna akuyang'ana mkazi wake. Amayi anagwada pa kabokosi paja. Chala chomwe chija chinkadina, kudikira, kudinanso. "Yaka mwanawe," ankatero. "Ndakulakwira, ndavomera. Yaka lero lokha." Ine ndinatuluka panja chifukwa sindikanatha kuonerera.

Ndili panjapo ndinamva njinga yamoto. Anali bambo wa ku kampani uja, matope mpaka m'mawondo, akuchokera ku nsanja. Anati wadutsira dala chifukwa anakumbukira kuti lero ndi tsiku la madamu a Lamulungu, ndipo anafuna kundiuza ndisanakwere minibasi kukawanyoza. Mphenzi inawotcha zipangizo ku nsanja. Zatsopano zichokera kutali, si za lero kapena mawa.

Ndinafuna kumuyatsira moto monga mwa masiku onse. M'malo mwake ndinangoti, "Achimwene, tithandizeni. Foni ya lero ikapanda kulowa, mwana wa amayi sabweranso kumudzi."

Anandiyang'ana, anayang'ana amalume ndi jekete yawo, anayang'ana nkhuku. Sanafunse zambiri. Anati kutsidya kwa sikimu, cha kumtsinje, kuli chulu chachikulu pamene nthawi zina pamafika netiweki ya nsanja ina yakutali. Yofooka, koma ilipo. "Agogo akwere apa," anatero akumenya chishalo.

Amayi anali asanakwerepo njinga yamoto, ankati ndi bokosi la maliro la matayala awiri. Tsiku limenelo anakwera osatsutsa, chammbali, nkhuku ili m'khwapa. Ine ndinabwereka njinga yakapalasa n'kukweza amalume, amene anatsokomola ndi kundilangiza kapalasidwe njira yonse. Tinadutsa m'migula ya sikimu, matope akuterera, anthu okonza nazale za mpunga ataimirira kutiyang'ana. Mayi wina anakuwa kufunsa ngati kwagwa zovuta. Amalume anayankha kuti ayi, tikupita kwa apongozi.

Pa chulu paja ndinakweza foni m'mwamba. Kamzere kamodzi kanabwera, kanapita, kanabweranso. Ndinaona kuti mng'ono wanga anaimba kambirimbiri n'kusiya. Ndinaimba ine. Inalira nthawi yaitali, mtima wanga uli m'mwamba. Kenako anayankha, koma nkhope sinabwere, pa foni pankangozungulira kabwalo kakang'ono.

"Achemwali, ndinanena kuti..."

"Khala chete, tili pa chulu! Mphenzi yawotcha nsanja! Aitane alamu!"

Amalume anatenga nkhuku ija m'manja mwawo, anakonza kukhosi, anavula chipewa, n'kulankhula mwa dongosolo lonse ngati tili pabwalo. Anati mlongo wanga, mkamwini wanu wapereka nkhuku iyi kuti pakamwa patseguke ndi maso amasuke. Amayi anagwada pa dothi lonyowalo, analandira ndi manja awiri, anawomba m'manja. Kenako anadzutsa mutu n'kuyang'ana pa foni molunjika, koyamba.

"Ali kuti?" anafunsa. "Ndikufuna ndiwaone."

Panalibe choona. Miyezi yonse ija nkhope inkabwera iwo n'kumaithawa, lero akuifuna, kabwalo kokha kakuzungulira. Mawu a alamu anga ankabwera oduka ngati wailesi ya mabatire akutha. Ndinamva mng'ono wanga akunena kuti sakuona chilichonse, adziwa bwanji kuti amayi alipodi ndipo alandira.

Amayi anandilanda foni. Anaiika pafupi ndi mlomo wa nkhuku, n'kuitsina nkhukuyo pansi pa phiko. Inakuwa mokweza mpaka anthu a m'minda anatembenuka.

"Mwaimva nkhuku yanu, apongozi? Ndalandira!" anafuula, monga amachitira akamaitana munthu wa kutsidya la mtsinje. "Ine sindinakudeni ayi. Ndimakuopani."

Kunamveka alamu anga akufunsa mkazi wawo chapansipansi, odabwa, chifukwa chimene amayi akuwaopera pamene iwo sanawalakwire. Ndinamva mng'ono wanga akuwafotokozera kuti kuopa kwa kwathu si kuopa chilombo, ndi ulemu waukulu umene munthu angapereke.

"Kuno kwathu munthu salowa m'nyumba osanena odi," anapitiriza amayi. "Chinthu ichi chimakulowetsani ngati mphepo. Bwerani ndi mwana wanga, mudzaime pakhomo panga, mudzanene odi, ndidzakuyankheni. Bambo ake anapita konko..."

Foni inati tuu, tuu, tuu. Kamzere kaja kanapita osabweranso. Tinakhala pa chulupo mpaka mkono wanga unatopa. Palibe ankadziwa pamene mawu anadukira.

Pobwerera amayi anamuuza bambo wa njinga yamoto zonse, ali kumbuyo kwake. Ndinadziwa chifukwa titafika ndinamupeza atatsamira mtengo wa mango akuseka mpaka misozi. "Madamu," anatero, "denga lija linandisupula mapazi." Kupepesa sindinapepese, chifukwa masiku ena onse aja kabokosi kawo kankavutadi, ndipo mpaka lero kamavuta. Koma ndinamuyeza m'mapewa ndi maso, ndipo atabweranso kudzaona ngati nsanja yayamba kufika kwathu anapeza shati yatsopano ikumudikira.

Netiweki itabwerera mng'ono wanga anaimba pakati pa sabata, amayi ali kusikimu. Anati zambiri sanamve, mawu ankaduka, koma nkhuku anaimva bwinobwino. Anaseka, ndipo kanali koyamba kumumva akuseka patapita nthawi. Za Khirisimasi anangoti tiona. Alamu anga sanabwerenso pa foni. Amayi ankafunsa kuti ali bwanji, iye n'kuyankha kuti ali kuntchito. Thadzi lija amayi anakana kulipha, linaikira mazira kuseri kwa mbaula n'kuswa anapiye.

Anafika kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ikwane, masana, osatiuza. Ine ndinali pakhonde ndikupinda mayunifolomu, amayi ali m'nyumba. Ndinaona anthu awiri akupatuka kumsewu ndi zikwama. Mng'ono wanga anataya chikwama n'kuthamanga, tinagwirana, tinakuwa, analowa m'nyumba, ndipo zimene zinamveka m'menemo sindingazilembe.

Mwamuna uja sanamutsatire. Anaima kumapeto kwa bwalo, pamene njira imathera, wamtali kuposa mmene foni inkamuonetsera. Anavula chipewa, anayang'ana pansi, dzuwa la ku Bwanje likumuwotcha pamutu. Anakonza kukhosi ngati mwana wa sukulu amene waloweza ndakatulo.

"Odi! Odi kuno!"

M'nyumba munati zii. Ndinalowa kuti ndiwauze amayi, ndinawapeza ataima pakati pa chipinda, dzanja limodzi atagwira mng'ono wanga, maso ali kukhomo. Panja odi anamvekanso.

"Amayi, ayankheni, munthu akupsa ndi dzuwa," ndinatero.

"Taleka anenenso kamodzi," anatero amayi, misozi ikutsika. "Odi wochokera ku Joni ndakhala ndikumudikira kuyambira uyu ali kumsana."

Alamu anga ananenanso. Amayi anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, anatuluka pakhonde, anawayang'ana m'maso.

"Odini," anatero. "Fikani, apongozi. Mwachedwa."